Duwa la padzuwa ndi duwa la pamthunzi: woweruza ndi Okutobala

Mu Januwale palibe bwalo loipa ku Lilongwe. Mvula ikakhazikika chilichonse chimabiriwira, ndipo ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu amandanda machubu awo akuda mpaka pafupi ndi phula. Wogula amaima, n'kuloza limene lamutenga mtima, n'kukabzala pamene pali mpata pakhomo pake. Pofika Okutobala ena awauka, ena angotalika lobodolobodo osaonetsa duwa ngakhale limodzi, ndipo mwini wake amangoti, "Ine ndilibe dzanja la maluwa." Ife amene timadyera ntchito yokonza minda ya maluwa mawu amenewa timawamva pafupipafupi. Kawirikawiri dzanja limakhala lopanda mlandu. Chomeracho chinangoikidwa pamalo pamene si pake.

Tiyambe tagwirizana za zomera zimene tikunena. Pali zina zimene zimamera, kumasula, kubereka njere n'kufa chaka chomwecho. Chimanga ndi nyemba zili m'gulu limeneli, pamodzi ndi maluwa monga zinnia ndi cosmos. Zokhalitsa, zimene tikunena pano, ndi zija zimene munthu amabzala kamodzi n'kumakhala nazo zaka ndi zaka. Zina sizitaya masamba chaka chonse. Zina zimauma pamwamba m'chilimwe, moyo n'kubisala m'mizu yotupa pansi pa nthaka, n'kudzaphukira ndi mvula yoyamba. Chifukwa chakuti zimakhalitsa, kulakwitsa malo kumapweteka nthawi yaitali.

Mabuku a ntchito yathu amagawa malo ndi maola. Pamene dzuwa limawomba mwachindunji maola 6 kapena kuposerapo pa tsiku ndi padzuwa. Pamene limafika maola 3 mpaka 6 ndi pamthunzi wapakatikati, ndipo pochepera maola 3 ndi pamthunzi weniweni. Muyeso umenewu ndi wothandiza, koma mabuku ambiri amene amautchula analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo dzuwa la ku London si dzuwa la ku Salima. Duwa limene ku England amati liikidwe poyera, kunyanja kapena kuchigwa cha Shire limafuna pobisala ikamakwana 12 koloko. Maolawonso safanana mphamvu. Maola 4 a m'mawa, mame asanaume ndi nthaka isanatenthe, chomera chimawalandira bwino. Maola 4 a masana, pafupi ndi khoma la njerwa loyang'ana kumadzulo limene latentha tsiku lonse, ndi nkhani ina. N'chifukwa chake mbali ya kummawa kwa nyumba ndi malo amtengo wapatali pa bwalo lonse, ngakhale kuti anthu ambiri amaimikapo thandala la mbale.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti mthunzi umasamuka. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, Lilongwe pa madigiri pafupifupi 14. Mu Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, ndipo khoma lotalika mamita 3 limaponya mthunzi wopitirira mamita 2 kumbali yake ya kummwera. Munthu akaona pamenepo mu Juni amati wapeza malo ozizira a maluwa a mthunzi. Koma chakumapeto kwa Okutobala dzuwa limakhala pamutu penipeni masana, mthunzi uja n'kutheratu, ndipo mu Disembala limadutsa pang'ono chakummwera, n'kumawomba khoma lomwe lija. Limadzabwereranso pamutu mu Febuluwale. Ndiye malo amodzi omwewo ndi pamthunzi m'nyengo yozizira, padzuwa m'nyengo yotentha. Ine ndikaitanidwa kukaona bwalo sindifunsa kuti mwini akufuna maluwa anji; ndimafunsa kuti kumpoto n'kuti, ndi kuti galu wa pakhomopo amagona pati masana mu Okutobala.

Mitengo nayo ili ndi mithunzi yosiyana. Mango sataya masamba, mthunzi wake ndi wandiweyani, ndipo mvula yowaza siifika patsinde. Pansi pake pamakhala mdima ndi fumbi, ndipo chimene chimapha maluwa pamenepo ndi ludzu kuposa kusowa kwa kuwala. Bulugama ndiye woipirapo, chifukwa mizu yake imamwa madzi onse amene mwathirira. Jacaranda, mtengo wochokera ku South America umene umakongoletsa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, umayoyola masamba m'chilimwe n'kumasula maluwa ake cha mu Seputembala ndi Okutobala. Ndiye kuti nthawi imene zomera za pansi pake zikufunitsitsa mthunzi ndi pamene denga lawo lili lobooka. Msangu umachita zosiyana ndi yonseyi, monga alimi akudziwira: umavula masamba m'dzinja n'kuvala m'chilimwe. Kwa wokhala ndi malo aakulu amene saopa minga, mthunzi wake umabwera pa nthawi yake.

Tsono wogula adziwa bwanji chokonda dzuwa pamene machubu a m'mbali mwa msewu alibe chikwangwani? Ayang'ane tsamba. Masamba onenepa odzaza madzi, masamba ang'onoang'ono olimba, otuwa kapena aubweya, ndi a chomera chimene chinazolowera kusunga madzi padzuwa. Masamba otambalala, opyapyala, obiriwira moderapo, ntchito yake ndi kutola kuwala kochepa kwa pansi pa mitengo, ndipo padzuwa la masana amalefuka. Lamulo limeneli lili ndi zolithawa, monga canna, wa masamba aakulu koma wokonda dzuwa bola madzi alipo, komabe lapulumutsa ndalama za anthu ambiri.

Padzuwa, ine ndimayamba ndi aloe, ndipo sindinena alovera yekha amene amayi amasunga kuseri kwa nyumba ngati mankhwala. Malawi ali ndi mitundu yakeyake. Aloe chabaudii amamera m'matanthwe m'madera ambiri, Aloe mawii amapezeka m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, ndipo kumpoto kuli Aloe mzimbana. Ambiri amamasula m'miyezi yozizira, pamene bwalo lonse lili mbuu, ndipo maluwa awo ofiira ndi achikasu amakoka njuchi ndi timbalame ta milomo yaitali tokonda timadzi totsekemera. Mdani wawo ndi madzi ochuluka. Aloe wobzalidwa m'makande, pamene madzi amadikha m'dzinja, amawola mizu mwakachetechete mpaka tsiku lina mumangomupeza wagwa. Amafuna pokwera, dothi losakaniza ndi mchenga ndi timiyala, ndipo m'chilimwe mukhoza kumuiwala.

Pambali pake pangakhale gazania, kachomera koyanga pansi kamene kamatsegula maluwa dzuwa likawala n'kutseka kukachita mitambo. Bulbine, wa timasamba tonenepa ndi timaluwa tachikasu. Tulbaghia, wonunkhira ngati adyo. Ndi dietes, amene amapirira chilala ndi dzuwa koma amalolanso mthunzi wopepuka. Zonsezi kwawo ndi kummwera kwa Africa, choncho miyezi yambiri yopanda mvula si yachilendo kwa izo. Strelitzia amakongola koma amachedwa: wobzalidwa ali wamng'ono amatha zaka asanaonetse duwa, ndipo sakonda kusunthidwasunthidwa. Ndipo pamalo otsetsereka pamene madzi a padenga amakokolola dothi, palibe chifukwa chochitira manyazi ndi vetiva. Udzu umene alimi amabzala m'mizere ya akalozera umagwira ntchito yomweyo m'tauni, ndipo ukametedwa bwino umaoneka mwaudongo.

Agapanthus, wa maluwa abuluu a mitu yozungulira amene amamasula chakumayambiriro kwa dzinja, amatiphunzitsa za kukwera kwa malo. Ku Dedza, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, kapena ku Mzuzu, amaima poyera tsiku lonse osadandaula. Ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chimamupatsa chinyezi ngakhale mu Julayi. Koma kumadera otsika ndi otentha amafuna dzuwa la m'mawa lokha, apo ayi nsonga za masamba zimapsa. Mukamubisanso kwambiri amangochulutsa masamba, duwa osatuluka. Madandaulo akuti "likukula bwino koma silimasula" nthawi zambiri amachokera pa zinthu ziwiri: kuwala kwachepa, kapena mwini wakonda kuthira yuleya, feteleza amene amakulitsa masamba.

Pamthunzi m'pamene pamafunika kusankha mofatsa, chifukwa pali mthunzi wonyowa ndi mthunzi wouma, ndipo zokhalamo zake n'zosiyana.

Mthunzi wonyowa ndi wa kuseri kwa bafa, pafupi ndi mpopi, kapena m'mphepete mwa ngalande. Umenewu ndi wa impatiens, kaduwa ka tsinde lamadzimadzi kamene kamamasula pafupifupi chaka chonse. Anthu ambiri amaganiza kuti n'kochokera kunja chifukwa kamadzaza masitolo a maluwa ku Ulaya, koma kwawo ndi m'nkhalango zonyowa za kummawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya mpaka ku Mozambique. Akatswiri amakatcha Impatiens walleriana pokumbukira Horace Waller, mmodzi wa amishoni amene anafika ku Magomero ndi Bishopu Mackenzie mu 1861. Kakasowa madzi tsiku limodzi lotentha kamagona pansi, mukakathirira madzulo m'mawa kadzuka. Pamodzi nako pamakhala bwino ma fern, begonia, ndi streptocarpus, amene mitundu yake ina imamera yokha m'matanthwe onyowa a Mulanje ndi Zomba. Wofuna kuti mthunzi umudyetse abzalepo koko kapena jinja. Alonde nkhono zokha, chifukwa pamalo otere ndi kwawo.

Mthunzi wouma, uja wa pansi pa mitengo ikuluikulu ndi pansi pa denga la khonde, ndi umene umagonjetsa anthu. Apa mfumu ndi clivia, wochokera m'nkhalango za ku South Africa, wa masamba aatali obiriwira moderapo ndi maluwa a mtundu wa lalanje amene amatuluka chisanu chikamatha. Mizu yake ndi yonenepa ndipo imayenda pamwamba, m'masamba owola, choncho sapikisana kwambiri ndi mizu ya mtengo. Amakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mtengo wake pamsika umakhala wokwera, ndipo dzuwa la masana limasiya mabala oyera pamasamba amene sachira. Wina ndi sansevieria, wa masamba olunjika okhala ndi mizere, amene amakhala ngakhale pamene china chilichonse chakana. Chlorophytum nayenso amapirira, ndipo amatulutsa tiana kunsonga kwa timphukira take timene timagwira pansi tokha. Pansi pa mango weniweni, kunena zoona, nthawi zina nzeru ndi kusakumba n'komwe: ikani maluwa m'miphika kapena m'zidebe, mizu ya mtengo isawapeze, kapena dulirani nthambi za m'munsi kuti kuwala kwa m'mawa kulowe cham'mbali.

Wofuna kuona zonsezi ndi maso asanataye ndalama apite ku munda wa zomera wa ku Zomba, umene Alexander Whyte anayamba mu 1891 m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Lero uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lokhazikitsidwa mu 1987, limene lilinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Apite m'chilimwe. Chimene chili chobiriwira nthawi imeneyo, ndi pamalo pamene chaima, chimanena zambiri kuposa chithunzi cha pa foni.

Ngakhale chomera choyenera chikhoza kufa sabata yoyamba. Ogulitsa ambiri amalera mbande zawo pansi pa mitengo kapena pansi pa neti, ndipo duwa lokonda dzuwa limene lakulira pamthunzi likaikidwa poyera tsiku lomwelo limawauka. Lizolowetsedwe kwa sabata imodzi kapena ziwiri, likuona dzuwa la m'mawa lokha, kenako liziwonjezeredwa maola. Nthawi yabwino yobzala ndi pamene mvula yakhazikika, cha mu Disembala, kuti mizu izame chilimwe chisanafike. Dzenje likhale lotambalala kuposa chubu, dothi lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino, osati a m'khola a dzulo. Katondo amalimba akauma, ndiye amafuna kompositi wambiri. Kuphimbira ndi udzu kapena masamba kumasunga chinyezi ndipo kumaonekera pa bilu ya madzi, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde, chifukwa chiswe chikamaliza udzu chimayang'ana chapafupi.

Pali zina zokongola zimene sindilola pakhomo pamene pali ana aang'ono. Gloriosa, duwa lofiira ndi chikasu limene limayanga m'tchire m'dzinja ndipo ndi duwa la fuko la Zimbabwe, lili ndi poizoni thupi lonse, makamaka m'mizu yake yotupa, imene mwana angaiyese chakudya. Scadoxus, uja amatulutsa mutu wofiira wozungulira ndi mvula yoyamba, ndi clivia yemwe, nawonso sadyedwa. Lantana ndiye musamupatse malo: mbalame zimamwaza njere zake, amalanda tchire ndi madambo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Zokhalitsa zambiri zimachulukana paphata. Pakatha zaka 3 kapena 4, agapanthus, dietes, canna ndi tulbaghia zimathithikana mpaka maluwa kuchepa. Pamenepo mumakumba phata lonse, n'kuligawa ndi khasu kapena mpeni wakuthwa monga timapatulira ana a nthochi, chigawo chilichonse chikhale ndi mizu ndi mphukira zake, n'kubzala tsiku lomwelo, makamaka madzulo kapena kukachita mitambo. Clivia yekha musamufulumizire. Amamasula bwino akapanikizana, ndipo akagawidwa amatha kudumpha chaka osatulutsa duwa.