MAKINA AONE, KOMA MUNTHU NDIYE AWERUZE

Wolemba Mtolankhani Wathu, Nathenje

Munthu wochoka pa Nathenje kulowera kumadzulo, akapyola Mitundu, amaona mapiri a Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe uchokera, ndi kumene dziko lathu lichita malire ndi Mozambique. M'chaka cha 2015 Boma linatumiza asilikali kukalonda nkhalangoyo, popeza owotcha makala anali kuitha. Koma nkhalango njaikulu, ndipo msilikali ali ndi maso awiri okha. Vuto lotere ndilo lachititsa maiko ambiri kupatsa asilikali ao nzeru za makina, zimene zitchedwa AI.

Kagwiridwe kake nkotere: kandege kopanda woyendetsa kajambula zithunzi zikwizikwi kali m'mwamba, ndipo kompyuta imene inaphunzitsidwa ndi zithunzi zina zambiri isankhamo zokayikitsa, monga utsi, galimoto kapena gulu la anthu. Ntchito imene ikadatha anthu sabata yathunthu ithera tsiku limodzi.

Tindegeti si tachilendo kwa ife. Mu 2013, pamene asilikali athu analowa gulu lapadera la United Nations ku Congo pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, bungwelo linayamba kuulutsa ndege zotere ku Goma kuti zizonde zigawenga. Kuno kwathu, Boma ndi UNICEF anatsegula bwalo loyesera tindege ta ntchito zachifundo ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Ndipo titataya asilikali atatu pa nkhondo ya kufupi ndi Goma mu Januwale 2025, palibe angakane kuti chida chochenjeza msilikali mdani asanafike nchofunika.

Komatu kuona ndi kwina, kuweruza ndi kwina. Kompyuta ikaona anthu asanu m'Dzalanyama, idziwa bwanji ngati ali owotcha makala, ozembetsa katundu pamalire, kapena amayi a ku Mitundu ofuna bowa? Msilikali amaima nafunsa, ndipo akalakwa mlandu wake umamveka kubwalo. Nanga makina akalakwa, adzayankha ndani? Zida zosankha zokha munthu wozilasa zilipo kale, ndipo mu Disembala 2023 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza, ndi mavoti 152, kuti nkhani ya zida zotere iyenera kukambidwa msanga. Mu Julayi 2024 bungwe la African Union linakhazikitsanso ndondomeko yake ya AI ku Accra.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Asilikali athu amagwira ntchito pamodzi ndi anzao a m'maiko a SADC, choncho nkoyenera kuti maikowa agwirizane zinthu zitatu asanagule zidazi: kuti wolamula kuombera akhale munthu wodziwika dzina ndi udindo, kuti zithunzi za midzi yathu zisungidwe m'manja mwathu, osati mwa ogulitsa makinawo, ndi kuti oziyendetsa akhale ana athu.

Apa mpamene pali ntchito yanu, inu akalaliki a Boma amene mumalemba mapangano ogulira katundu, ndi inu aphunzitsi. Mwana amene ali kuphunzira masamu pa Nathenje lero ndiye adzakhale patsogolo pa kompyutayo mawa. Mphunzitseni kuwerengera, koma mumphunzitsenso kuti kadontho koyenda pa chithunzipo kangakhale azakhali ake.