Musanalipire Sukulu ya Uphungu

Mukayenda m'misewu ya ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George masiku ano, simungalephere kuona mapepala omatidwa pa zipupa ndi pa mitengo ya magetsi, oitanira anthu ku maphunziro a uphungu. Ena amalonjeza satifiketi pa masabata awiri okha, ena amaonjezapo ndi nchito ku cipatala. Ana athu amene anatsiriza sekondale nangokhala pakhomo amaona ngati mwai wawagwera. Amai ena a mu mphakati wathu analandira ndalama za cilimba, naonjezapo za nkhongole, kuti mwana wao wamkazi akaphunzire. Anabwerako ndi pepala la zilembo zagolide. Atapita nalo kukafunsira nchito, anauzidwa kuti sukuluyo siidziwika kulikonse. Nkhongole yokha ndiyo inatsala.

Tisaiwale, abale, kuti uphungu unakula mu Lusaka pa nthawi ya misozi. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi matenda a Edzi, pamene mabanja ambiri anali kubisa. Mu 1989 Bambo Michael Kelly, wansembe wa cipani ca Ayezuiti, anayambitsa bungwe la Kara Counselling, limene linaphunzitsa aphungu ambiri. Malemu Winstone Zulu, amene anali woyamba m'dziko muno kunena pagulu kuti ali ndi kacilombo, anagwira nchito pamodzi ndi bungweli. Masiku amenewo mankhwala a ma ARV anali asanafike m'makiliniki athu. Phungu analibe cina copatsa wodwala koma khutu, nthawi ndi kusunga cinsinsi. Amai acikulire amene anali kuyendera odwala m'makomboni akukumbukira bwino kulemera kwa nchito imeneyo.

Kwathu tinazolowera alangizi ndi ankhoswe. Iwo amalankhula, namwali kapena banja latsopano nkumamvetsera, ndipo mwambo umenewu uli ndi malo ace. Koma phungu amayenda njira yosiyana: iye ndiye amamvetsera, nathandiza munthu kuona yekha pothera vuto lace. Ngakhale Ambuye, pa njira ya ku Emau, anayamba afunsa ndi kumva madandaulo a ophunzira awiri aja asanawafotokozere Malembo. Luso lotere silibwera pokopera zolemba za pa bolodi. Limabwera pokhala pansi ndi anthu enieni, kulakwitsa, ndi kukonzedwa ndi munthu amene anaigwira nchitoyi zaka zambiri.

Cifukwa cace, funso limene ife tikuliona lalikulu koposa ndi ili: kodi wophunzira adzatumizidwa kuti kukayesera nchito, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani adzamuyang'anira? Sukulu yabwino imachula kiliniki, hosipisi kapena bungwe limene imagwirizana nalo, ndipo siicita manyazi kunena kumene aphunzitsi ace anaphunzira. Imafunanso kuti wophunzira mwini ayambe wayang'ana zilonda za mumtima mwace, pakuti amene sanalire maliro ace adzalirira m'maliro a mnzace. Akakuyankhani mozungulira, bwezani ndalama m'thumba.

Za mapepala nzosavuta, ngakhale ambiri amagwera pomwepa. Makoleji a luso amalembetsedwa ndi TEVETA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Mayunivesite amayang'aniridwa ndi Higher Education Authority, ya lamulo la mu 2013, ndipo Zambia Qualifications Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndiyo imatsimikiza ngati satifiketi ili yovomerezeka. Pemphani kuona cikalata ca kulembetsa, onani caka cace, ndipo funsani ngati maphunziro a uphunguwo ali ovomerezeka, osati dzina la sukulu lokha. Cenjerani ndi cikalata ca PACRA copacikidwa mu felemu: cimangosonyeza kuti kampani ilipo, monga momwe golosale nayo imalembetsera.

Sitikunena kuti maphunziro afupiafupi onse ndi oipa. Ambiri amene atumikira mokhulupirika m'maparishi athu anayambira pa otere. Koma sukulu yoona imauza wophunzira malire ace. Kuciza matenda a maganizo mwa kukambirana, kumene Acingelezi amati psychotherapy, kumafuna zaka za ku yunivesite. University of Zambia imaphunzitsa za maganizo a munthu, ndipo koleji ya ku Chainama, imene tsopano ili mbali ya Levy Mwanawasa Medical University, yakhala ikuphunzitsa anchito a zaumoyo wa maganizo kwa zaka zambiri. Phungu wophunzira bwino akakumana ndi mnyamata wonena zodzipha, kapena munthu womva mau amene ena sakuwamva, amadziwa kuti njira ndi ya ku kiliniki kapena ku Chainama Hills Hospital. Akamva za mwana wogwiriridwa, amadziwa khomo la Victim Support Unit ku polisi. Wophunzira mwa cisawawa amangoti limbani mtima, namubweza kunyumba.

Nanga cinsinsi? M'makomboni mwathu zipupa zili ndi makutu, ndipo nkhani yonenedwa m'mawa pa pompi imafika ku msika dzuwa lisanatenthe. Mai amene waulula za kumenyedwa kwace, mawa namva nkhaniyo kwa aneba, sadzatsegulanso pakamwa kwa wina aliyense, ngakhale kwa wansembe. Funsani ngati sukuluyo imaphunzitsa malamulo a cinsinsi, ndi nthawi zocepa zimene phungu ayenera kuulula pofuna kupulumutsa moyo.

Mwana wa amai aja sanataye mtima. Loweruka lililonse amayenda ndi gulu loyendera odwala la ku parishi, ndipo wayambanso kusunga tindalama. Ulendo uno wayamba wapita ku ofesi ya TEVETA, dzina la sukulu atalilemba pa kapepala.