Nthanda, dzuwa ndi thumba la makala

Miyezi ina, tambala akalira kachiwiri, kum'mawa kumatuluka nyenyezi yowala kuposa zinzake zonse. Makolo athu adaitcha Nthanda. Miyezi ina sioneka m'mawa, koma dzuwa likangolowa kumadzulo kumaoneka ina yowala chimodzimodzi. Akale ena ankati mwezi ndi wamitala: mkazi wa kumadzulo, Puikani, amaudyetsa mpaka kunenepa, pomwe wa kum'mawa, Chekechani, amaumana chakudya mpaka kuwonda.

Akatswiri a zakuthambo amatiuza kuti akazi awiriwa ndi mmodzi, ndiponso kuti si nyenyezi konse. Ndi pulaneti yotchedwa Venus, dziko lozungulira dzuwa ngati lathuli, ndipo kukula kwake n'kofanana pafupifupi ndi lathu. Kukongola kwake n'kosakanika. N'chifukwa chake pa Chivumbulutso 22:16 Ambuye adadzifanizira nayo. Koma pamtunda pake palibe angapondepo. Kumatentha madigiri oposa 460, kutentha kosungunula mtovu. Chombo cha dziko la Soviet Union chotchedwa Venera 13 chidatera kumeneko mu 1982, ndipo chidangogwira ntchito maola awiri ndi mphindi zochepa.

Chodabwitsa n'chakuti Venus amatentha kuposa Mercury, pulaneti yoyandikana kwambiri ndi dzuwa. Chifukwa chake ndi mpweya. Pafupifupi mpweya wonse wokuta Venus ndi carbon dioxide, umene umasunga kutentha monga bulangeti lokhuthala limachitira mu Juni. Mpweya womwewu ndi umene umatuluka tikaotcha mafuta, malasha, nkhuni ndi makala. Dziko lathu lili nawo wochepa zedi, ndipo sitikunena kuti lisanduka Venus. Komabe bulangeti lathu likunka likhuthala. Mafakitale asanayambe, mpweyawu unali magawo 280 pa miliyoni. Lero wadutsa 420. Chaka cha 2024 chidatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba za nyengo, ndipo m'chaka chomwecho boma lidalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28 a dziko lino.

Utsi wambiri wokhuthalitsa bulangetili si wa Malawi ayi, ndi wa maiko olemera, ndipo pamenepo sitiyenera kuchita manyazi kunena. Koma pali bala lina limene lili pakhomo pathu, ndipo limaoneka bwino kuno kumadzulo kwa Lilongwe.

Aliyense woyenda m'mamawa pa msewu wa Mchinji, kuchokera ku Namitete kudutsa pa Mpingu, amakumana ndi njinga zosenza nkhuni ndi makala kulowera m'tauni. Ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, kumene fodya walera mabanja kwa mibadwo, zigafa za bale zimafuna mitengo chaka ndi chaka, ndipo fodya wa chikopa sapsa popanda nkhuni. Mauvuni a njerwa nawonso amadya mitengo yaikuluikulu. M'midzi yambiri nkhalango yachilengedwe yatsala ku manda kokha. Akufa akusunga mitengo imene amoyo alephera kusunga. Amayi ena tsopano amaphikira zitsononkho ndi mapesi, zimene zikadayenera kuwolera m'munda.

Kumwera chakumadzulo kwa mzinda kuli Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 imene idatetezedwa mu 1922. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'menemo, ndipo madzi ake ndiwo amadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene mipopi ya mumzinda imadalira. Makala adaidya nkhalangoyi kufikira kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali. Taganizani: mfuti kulondera mitengo ya masuku ndi mombo! Chikhalirecho, wootcha makala si chigawenga chochokera kutali. Kawirikawiri ndi bambo amene chimanga chidamuthera mu Novembala ndipo mwana wake wabwezedwa kusukulu. Thumba lakelo saotchera banja lake. Amaligula ndi a mumzinda, ambiri a iwo okhala m'nyumba za magetsi, ena a iwo akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano. Pounika mlanduwu tisayang'ane wopalasa njinga yekha.

Ena amati yankho ndi dzuwa, ndipo akunena zoona, koma zoona zake n'zosakwanira. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni, kuwala kwake kumatifika m'mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo palibe amene adalandirapo bilu yake. Magetsi a dziko lino akhala akudalira mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tidaona kuipa kwake mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. N'chifukwa chake malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima, a mamegawati 60, amene adatsegulidwa mu 2021, ndi a ku Golomoti, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, amene adayamba mu 2022, ndi zinthu zoyamika nazo Mulungu. Kumudzi nakonso kasola ka padenga kachotsa koloboyi ndi mwaye wake. Mwana akuwerenga usiku, foni ikutchajidwa pakhomo, ndipo mpope wa sola ukuthirira dimba m'chilimwe.

Koma kasolako sikaphika nsima. Babu imafuna mphamvu pang'ono, pomwe mphika wa nyemba umafuna moto wa maola. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Nyumba ingathe kuwala ndi dzuwa kuchipinda chochezera, kukhitchini mtengo ukupsa monga kale. Amene akuganiza kuti mapanelo okha apulumutsa Dzalanyama sadakhalepo pa mafuwa.

Pa Deuteronomo 20:19-20 pali lamulo limene silimveka kawirikawiri pa gome. Aisraele akazinga mudzi wa adani, sankaloledwa kugwetsa mitengo ya zipatso, ngakhale nkhondo itatenga nthawi yaitali bwanji. Yomangira malinga ankayenera kusankha pa mitengo ina. Mulungu sadaletse nkhwangwa. Adaiikira malire, pa nthawi imene munthu amadzikhululukira chilichonse. Umphawi wathu ndi nkhondo ndithu, ndipo palibe mbusa angauze mayi wa ana asanu kuti agone ndi njala chifukwa cha mtengo. Koma ngati msilikali anali ndi malire, mlimi wa fodya, womanga nyumba ndi wogula makala ali nawonso. Genesis 2:15 amaika ntchito ziwiri pamodzi m'munda uja, kulima ndi kusunga. Yoyambayo timaidziwa bwino.

Zotheka kuchita n'zapafupi. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imaumbidwa ndi amayi a m'midzi mwathu momwemu, ndipo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Nandolo wobzala m'mphepete mwa munda amapatsa ndiwo ndi mitengo yophikira. Nsungwi zimadulidwa n'kuphukanso. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chikasiyidwa osatenthedwa, n'kumangopatuliridwa mphukira, chimakula msanga kuposa mbande yobzala chifukwa mizu ilipo kale. A mumzinda amene matumba awo angathe, gasi ndi magetsi zilipo. Kupitiriza makala pofuna kupulumutsa ndalama n'kutumiza bilu ku Dzalanyama.

Mipingo ili ndi malo, ndipo ili ndi anthu amene amasonkhana sabata iliyonse popanda kulipidwa. Ilinso ndi mapulani a zomangamanga. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma, koma matchalitchi ndi nyumba za abusa zambiri zikumangidwabe ndi mauvuni. Komiti ya chitukuko ikamawerengera simenti ndi malata, iwerengerenso mitengo imene uvuni udye, ndi munda umene mitengoyo idzabwezeredwe. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma mbande za nyengo imeneyo zimafesedwa mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo zimafuna wozithirira tsiku ndi tsiku kufikira mvula itagwa.