Golidi Amakwera Mtengo Dziko Likagwidwa ndi Mantha

Anzanga ambiri akabwera pa zenera la ofesi amandifunsa kuti, "Akalaliki, tamva pa wailesi kuti golidi wakwera mtengo. Nanga bwanji sakulemba anthu ambiri monga kale?" Ndafufuza m'manyuzipepala, ndipo nazi zimene ndapeza.

Coyamba dziwani kuti mtengo wa golidi sauika ndi Bwana Manijala ai. Umacokera ku London ndi ku New York, kumene kuli misika ya eni ndarama, anthu amene sanatsikepo m'kheji. Iwo amafuna malo amene ndarama zao zingaswane ngati mbuzi m'khola. Dziko likakhala pa mtendere amagula masheya a makampani, kapena kukongoza maboma kuti alandire ciongoladzanja. Golidi saswana. Mukamtsekera m'bokosi caka cathunthu mudzampeza ali momwemo. Koma nkhondo ikabuka, kapena mabanki akayamba kugwa, onse amathamangira kwa iye, pakuti kampani imafa ndipo wangongole amathawa, koma golidi amatsala.

Kuyambira 1934 Boma la America linamanga mtengo pa madola 35 pa aunsi imodzi, ndiyo magalamu 31. Mu 1971 President Nixon anadula cingwe cimeneco. Mafuta anakwera mtengo, zinthu zinadula m'maiko onse, asilikali a Soviet Union analowa m'Afghanistan, ndipo mu January 1980 aunsi inafika madola 850. M'zaka zimenezo malipiro a pansi pa mgodi anakwera ndithu. Cinathandizanso n'cakuti anchito anasowa, cifukwa mu 1974 Dr. Banda analetsa kulemba anthu ku Malawi, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha abale athu 74.

Kenaka banki yaikulu ya America inakweza ciongoladzanja kufika pafupi 20 pa 100 aliyense. Ndani angasunge citsulo cosabala pamene banki ikulipira cotere? Eni ndarama anamtaya golidi, ndipo mtengo unatsika zaka zambiri. Mu 1999 aunsi inatsika pansi pa madola 260, ndipo caka comweco Boma la Britain linayamba kugulitsa matani 395 a golidi wace. Iwo anangosaina mapepala, koma kuno mashafuti anatsekedwa ndipo amuna anakwera mabasi ndi masutikesi ao. Mu 1987 migodi ya golidi ya South Africa inali ndi anchito oposa 500,000. M'zaka zaposacedwa atsala ngati 100,000 cabe.

Mantha anabweranso mu 2008 pamene banki ya Lehman Brothers inagwa, ndipo pofika 2011 aunsi inali pafupi madola 1,900. Mliri wa Covid unaikankha kupitirira 2,000 mu 2020. Kuyambira 2022 kufikira 2024 mabanki akulu a maboma anagula matani oposa 1,000 caka ciri conse, ndipo mu 2025 mtengo unadumpha madola 4,000.

Tsopano yankho la funso lija. Mu 1970 dziko lino linakumba matani 1,000. Lero limakumba ngati 100, ndipo kuyambira 2007 amene akutsogola ndi China. Golidi wapafupi anatha kale ndi agogo athu. Wotsala ali kutali: mgodi wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, watsika pafupifupi makilomita 4, ndipo mwala wace ndi wotentha kotero kuti amatsitsa madzi oundana kuti anthu agwire nchito. Kukumba shafuti yatsopano yotere kumadya ndarama zosawerengeka ndi zaka zonga khumi, kopanda phindu ndi pang'ono pomwe. Mwini ndarama wa ku London sadziwa kuti mantha a dziko adzakhala zaka zingati. Cotero amagula golidi wokumba kale, amene angamgulitse pa lamya tsiku limene mtima wace wakhala pansi.