GALU WANU AKAYAMBA KUTHOTHOKA UBWEYA, YANG'ANANINSO KHUNGU LA ANA

Tsiku lina kucipatala kunabwela mai wina ndi ana awili. Wamkulu, wa zaka 7, anali ndi cipele pa tsaya ndi pa mkono. Wamng'ono anali ndi tiziphuphu toyabwa pamimba. Nditafunsa ngati pakhomo pali ciweto, maiyo anati, "Kuli cabe kagalu kamene atate ao anabweletsa mwezi watha, koma kayamba kusosoka ubweya." Nditafunsanso cimene anakacita, anati anakapaka oilo wakuda wa mu injini.

Ine nchito yanga ndi yocilitsa anthu, osati nyama. Koma m'makomboni mwathu, monga ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika, galu amagona pakhonde pomwe ana amasewelela. Conco matenda ena a galu amafika pa tebulo langa kudzela mwa ana. Lelo tiyeni tione zimene zimacititsa galu kuthothoka ubweya, ndi zimene zingathe kufika kwa inu.

MPHELE ZA AGALU

Akulu anati galu wamkota sakandila pacabe. Ngati galu wanu adzikanda usana ndi usiku, ndipo ubweya watha m'mphepete mwa makutu, pa zigongono ndi kumimba, ganizilani mphele. Zimayamba ndi kacilombo kakang'ono kochedwa Sarcoptes, kosaoneka ndi maso. Kakakazi kamaboola khungu ndi kuikila mazila m'kati, ndipo pa milungu itatu cabe ana ake amakhala atakula nayamba kuikila ao. Khungu limakhuthala, limacita nkhanambo ndi kununkha.

Mphele zimenezi zimapatsilana msanga pakati pa agalu. Munthu amene anyamula galu wodwala amatuluka tiziphuphu toyabwa pamikono, pacifuwa ndi pamimba. Mwai wake ndi wakuti kacilomboka sikakhalitsa pa khungu la munthu. Galu akacila, kawilikawili tiziphuphu timatha tokha.

Pali mtundu wina wa mphele, wa kacilombo kochedwa Demodex. Umagwila kwambili tiana ta agalu tosakwana caka cimodzi ndi theka. Ubweya umayamba kutha mozungulila maso, pakamwa ndi ku miyendo yakutsogolo, koma poyamba galu sadzikanda kwambili. Mtundu uwu sufika kwa anthu. Umakula pamene thupi la galu lafooka cifukwa ca njala, njoka za m'mimba kapena matenda ena.

CIPELE

Ici ndico cimatibvuta kwambili kucipatala. Anthu ena amaganiza kuti m'cipele muli nyongolotsi, koma iyai. Cimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu, tomwe timadya ubweya ndi khungu la pamwamba. Pa galu mudzaona tizigamba tozungulila ngati ndalama yacitsulo, topanda ubweya, totuwa ngati pathilidwa phulusa. Amphaka naonso amakhala naco, ndipo ena amafalitsa osaonetsa cizindikilo.

Mwana akagwila ciweto cotele, cipele cimaonekela pakapita masiku 4 mpaka 14. Ubweya umene wagwa pa saka kapena pa mphasa ungathe kusunga tizilomboti kupitilila caka cimodzi. Ana aang'ono, okalamba, odwala shuga ndi amene citetezo cao ca m'thupi catsika cifukwa ca HIV ayenela kusamala koposa.

Komabe tisamanamizile galu nthawi zonse. Zipele zambili za m'mutu mwa ana a sukulu zimacokela kwa ana anzao, kudzela m'zipeso, zipewa ndi makina ometela amene sanatsukidwe.

UTITILI, NKHUPAKUPA NDI NCHENCHE

Ngati ubweya watha kumsana kufupi ndi mcila, ndipo galu adziluma pamenepo, kawilikawili ndi utitili. Agalu ena thupi lao siligwilizana ndi malovu a utitili, kotelo kulumidwa pang'ono cabe kumabweletsa kuyabwa kwa masiku ambili. Pesani galu ataima pa pepala loyela lonyowa. Tinthu takuda tikagwa ndi kusanduka tofiila, ndizo ndowe za utitili. Katitili kamodzi kangaikile mazila ofika 50 pa tsiku, ndipo mazilawo amagwela pogona galu ndi m'fumbi la pabwalo. Ndiye cifukwa cake kusambitsa galu kokha sikukwanila.

Nkhupakupa zimasiya zilonda m'makutu ndi pakati pa zala. Nchenche zoluma zimadya nsonga za makutu mpaka ubweya kutha. Nyengo ya mvula kulinso nchenche ija imene imaikila mazila pa dothi lonyowa ndi mkodzo, kapena pa zobvala zoyanikidwa pansi. Mphutsi zake zimalowa m'khungu la tiagalu ndi la ana omwe, ndi kucita zithupsa zokhala ndi kabowo pakati. Sitani zobvala za ana musanawabveke.

CAKUDYA NDI MATENDA A M'KATI

Ubweya umapangidwa ndi zakudya zomanga thupi. Galu amene amadya makoko a nsima okha, kapena amene amadzifunila cakudya pa dzala, ubweya wake umauma, umatuwa ndi kugwa. Njoka za m'mimba zimaonjezela bvutoli. Sakanizani nsima yake ndi tukapenta, mitu ya nsomba yophikidwa bwino yopanda minga, kapena zotsala za nyama zophika, ndipo madzi akumwa asasowe.

Galu wamkazi angathe kutaya ubweya wambili pakapita mwezi umodzi kapena itatu atabeleka. Uwu si matenda, ubweya umamelanso akadya bwino.

Galu wacikulile akayamba kutha ubweya mofanana mbali zonse ziwili za thupi, popanda kudzikanda, bvuto lingakhale la m'kati. Wina amanenepa ndi kucita ulesi cifukwa kaciwalo ka pakhosi kochedwa thyroid kacepetsa nchito. Wina amamwa madzi ambili, kukodza pafupipafupi ndi kukula mimba. Matenda otele safika kwa anthu, ndipo mankhwala opaka sangawathetse. Afunika kupimidwa magazi.

Tisaiwalenso zipsela. Galu amene anathilidwa madzi otentha cifukwa cakuba ndiwo amakhala ndi cigamba cosamela ubweya moyo wake wonse.

ZIMENE SIMUYENELA KUCITA

Musapake galu oilo wa mu injini, dizilo kapena palafini. Zimaocha khungu, ndipo galu akanyambita zimamudwalitsa m'mimba ndi kuononga ziwalo za m'kati. Ana amene amugwila naonso amatenga mafutawo m'manja.

Musasungunule dipi ya ng'ombe mongoganizila. Muyeso wa ng'ombe si wa galu, ndipo kagalu kangafe tsiku lomwelo. Coopsa koposa ndi kusunga dipi m'botolo la zakumwa. Taonapo ana akubwela kucipatala atakomoka, thobvu lili kukamwa, cifukwa anamwa poyesa ndi cakumwa. Mwana akamwa dipi musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka. Thamangani naye kucipatala mutatenga botololo kuti tidziwe mtundu wa poizoni.

Pa cipele ca mwana musapake mafuta oyeletsa khungu kapena ena okhala ndi betamethasone. Kuyabwa kumaleka masiku ocepa, koma cipele cimakula mobisika.

ZOYENELA KUCITA

1. Pitani ndi galu ku ofesi ya a vetenale ya m'boma lanu. Iwo amapala khungu pang'ono ndi kuyang'ana pa makina okuza zinthu kuti adziwe mtundu wa kacilombo. Mphele zimacila ndi nyeleti, mankhwala osambitsa, kapena mapilitsi a masiku ano amene amaphanso utitili ndi nkhupakupa. Agalu onse a pakhomo athandizidwe nthawi imodzi.

2. Ochani masaka akale amene galu amagonela. Sesani bwino, ndipo pa simenti kolopani ndi madzi othila Jik.

3. Galu wodwala asagone ndi ana kufikila atacila. Aliyense asambe m'manja ndi sopo akamugwila.

4. Mwana wa cipele apite ku kiliniki. Ca pathupi cimatha ndi mafuta opaka monga clotrimazole kapena Whitfield pa milungu 2 mpaka 4. Ca m'mutu sicimva mafuta okha, cifuna mapilitsi monga griseofulvin kwa milungu 6 mpaka 8. Musalekele panjila cifukwa tsitsi layamba kumela.

MAU OTSILIZA PA CIWEWE

Kuthothoka ubweya si cizindikilo ca ciwewe, conco musaphe galu cifukwa ca mphele. Koma popeza mwafika kale kwa a vetenale, pemphani kuti alandile katemela wa ciwewe, monga lamulo la Control of Dogs Act lifunila, ndipo sungani cikalata cake. Bungwe la WHO likuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse padziko lapansi, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambili kwa mphindi 15, ndipo pitani kucipatala tsiku lomwelo.

Mai uja anabwelanso patapita mwezi umodzi. Cipele ca mwana cinali citazilala, tiziphuphu ta wamng'ono tinatha, ndipo kagalu kanayamba kumela ubweya atakaonetsa kwa a vetenale. Anadandaula pang'ono za ndalama, koma ndinamuuza kuti walila mvula walila matope. Galu amene amakulondelani nyumba usiku ayenela cakudya, katemela ndi mankhwala. Mukamusamala, mwasamalanso ana anu.