Makatuni ndi Zionetsero Zake: Zimene Timanena ndi Zoona Zake

Kuno ku Lupande, mwana akajambula njovu kapena munthu wouluka kumapeto kwa kope la masamu, ambirife timamukalipira. Akatiuza kuti kumatauni kumachitika zionetsero zotchedwa Comic Con, kumene ojambula makatuni amakumana ndi owerenga, timangopukusa mutu. Nkhawa yathu ndi yomveka: makope ndi odula, ndipo tonse timafuna kuti ana akhoze mayeso. Komabe zina zimene timanena pa nkhaniyi si zoona, ndipo zikukwirira luso la ana athu.

"Makatuni ndi zoseweretsa ana"

Timatero chifukwa makatuni ambiri amene timaona pa TV ndi a ana. Koma nkhani yojambula imanyamulanso zinthu zolemera. Art Spiegelman wa ku America anajambula mmene bambo ake anapulumukira kundende ya Auschwitz, ndipo buku lakelo, Maus, linalandira mphoto ya Pulitzer mu 1992. Ku Malawi, akuluakulu ndiwo ankakonda Pewani, katuni ya Brian Hara ya m'nyuzipepala. Kuzionetsero nakonso kumadzaza anthu apantchito, ena ndi ana awo. Mnyamata wa giredi 9 tikamuseka kuti akuchita zachibwana, amabisa zojambula zake, kenako amaleka.

"Ovala zigoba kumeneko amachita zausatana"

Kwathu chigoba si chinthu wamba. Achewa anzathu ali ndi Gule Wamkulu, wokhala ndi dambwe ndi malamulo ake, choncho munthu wobisa nkhope timamuona ndi mantha kapena ulemu. Zovala za ku Comic Con n'zosiyana ndi zimenezi. Munthu amangofuna kufanana ndi Spider-Man kapena Black Panther wa m'buku limene amakonda. Amadula makatoni ndi siponji, kumata ndi guluu, kupaka penti, n'kusoka nsalu zimene wagula pa salaula. Njala ikamupweteka amavula chigobacho pagulu, kugula tchipisi, ndipo mukamufunsa dzina amakuuzani. Palibe mwambo, palibe chinsinsi. Lamulo lake ndi lakuti muyambe mwapempha musanamujambule pa foni. Kuneneza mwana kuti walowa zausatana n'koopsa. Dzina lotere limamutsatira kutchalitchi, kusukulu ndi pachitsime, ndipo silichoka msanga.

"Zimenezi n'zachizungu, kuno sizitikhudza"

N'zoona kuti chionetsero chotchuka kwambiri, cha ku San Diego, chinayamba ku America mu 1970. Koma Comic Con Africa inayamba mu 2018 ku Kyalami, ku South Africa, ndipo zaka zaposachedwapa yakhala ikuchitikira ku Nasrec mu Johannesburg. Supa Strikas, nkhani yojambula ya mpira imene anyamata ambiri aiwerengapo, inabadwira ku South Africa komweko. Supa Team 4, katuni imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema, mayi wa kuno ku Zambia, ndipo nkhani yake imachitikira mu Lusaka. Tikamati n'zachizungu, ana athu amaganiza kuti nthano za Akunda, mwambo wa Malaila, kapena usiku wolondera njovu m'munda wa chimanga si nkhani zoyenera kujambula. Mapeto ake, chigwa cha Luangwa chimangofotokozedwa ndi alendo obwera ndi makamera.

"Kujambula kumalepheretsa sukulu ndipo sikudyetsa munthu"

Mwana amene amavutika kuwerenga ndime yaitali amalimba mtima akaona chithunzi ndi mawu ochepa pambali pake. Bungwe la UNICEF nalo linagwiritsa ntchito mabuku ojambula a nkhani ya Sara polimbikitsa maphunziro a atsikana m'mayiko a kuno. Wojambula nkhani amayenera kuganiza chiyambi ndi mathero ake, n'kulemba mawu a anthu ake, zimene mphunzitsi amafunanso pa chimangirizo. Za kudya, tisapite kutali. Ku Mfuwe, anthu a m'midzi yathu amalandira malipiro popaka nsalu penti ndi manja ku Tribal Textiles. Mabuku a sukulu, zikwangwani za malo ogona alendo ndi mauthenga a zaumoyo, zonsezi zimafuna wojambula. Chofunika n'kumugawira mwana nthawi ya homuweki ndi ya kujambula. Kung'amba kope sikuwonjezera malikisi.

"Ukangofika kuchionetsero ndi zojambula zako, walemera"

Ichi ndi chikhulupiriro cha achinyamata, ndipo nacho chimapweteka. Chionetsero chili ngati msika waukulu: polowa pamafunika tikiti, mizere ndi yaitali, ndipo wofuna kugulitsa amalipira tebulo pasadakhale. Anthu otchuka a m'mafilimu nthawi zambiri amalipiritsa kuti asaine kapena ajambulitse nanu. Ojambula ambiri amabwerera ndi kangachepe, ena osabweza n'komwe ya thiransipoti. Kuchokera ku Mfuwe kukafika ku Chipata ndi makilomita oposa 100, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi oposa 500. Wopita ku Johannesburg afunikanso kukhala ndi pasipoti. Phindu lenileni ndi kuona mmene ena amagwirira ntchito, kumva pamene ukulakwitsa, ndi kudziwana ndi anthu. Wogulitsa mbuzi za pakhomo poyembekezera kulembedwa ntchito tsiku lomwelo adzabwerako ndi chisoni. Ndipo wopereka zojambula zake zenizeni kwa munthu wosamudziwa akhoza kuzitaya; ndi bwino kulemba dzina ndi deti pa tsamba lililonse, n'kupereka fotokope.

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, mwana akakuonetsani zimene wajambula, mufunseni kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Mugulireni kope lapadera ndi pensulo, kuti la masamu likhale la masamu.