Kodi Mphaka Akonda Mwini Wace, Kapena Usipa Wokha?

Abale athu a ku gombe la Mbamba Bay, Liuli ndi Lituhi, inu amene muli pa nchito ku mgodi wa malasha wa Ngaka, ku minda ya khofi ya ku mapiri a Amatengo, ndi ena kutali ku Joni: pokumbuka kwanu mukumbuka ana, bwato ndi munda wa cinangwa. Lero tinena za wina wa pa khomo amene simumfunsa moyo potumiza moni, ndiye mphaka.

Ku nyanja kuli mau akuti mphaka alibe mwini, mwini wace ndi thandala la usipa. Mauwa ali ndi pogwira, pakuti mabwato akakoceza m'mamawa iye safuna woitana. Ndiponso ubwenziwu unayambira pa mimba, popeza kholo lace ndi bvumbwe amene anayandikira nkhokwe za anthu potsata makoswe. Koma pa cisumbu ca Cyprus anafukula manda a zaka ngati 9,500, momwe munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Ife sitiganiza kuti munthu angagone m'manda ndi msampha wa makoswe cabe.

Anthu ophunzira anauyesa mlanduwu. M'caka ca 2017 Kristyn Vitale ndi anzace a ku sukulu yaikuru ya Oregon State, ku America, anaika pamaso pa amphaka cakudya, zoseweretsa, za pfungo, ndi munthu woceza nao. Theka la amphakawo linasankha munthu, ndipo osankha cakudya anaceperapo. M'caka ca 2019 anayesanso motere: mwini alowa ndi mphaka m'cipinda cacilendo, aturuka mphindi 2, nabwerera. Mwa amphaka 100 ali onse, ngati 65 anakhazika mtima pansi pakumuona, namlonjera, nayambanso kuyendayenda osaopa kanthu. Ana a anthu poyesedwa comweco ndi amai ao acita pafupifupi cimodzimodzi.

Cobvuta ncakuti tiyesa mphaka ndi muyeso wa garu. Garu alumpha, nauwa, mudzi wonse nudziwa kuti mwini wafika. Mphaka anena zace mwakacetecete. Akadza kwa inu mcira uli cilili, umenewo ndi moni. Akadzikhula pa miyendo yanu, akupakani pfungo la m'masaya mwace, monga acita ndi anzace a m'nyumba imodzi. Akapondaponda pa ncafu zanu ndi mapazi a kutsogolo, acita zimene anacita pa bere la amace. Ndipo akakupenyani natsinzina pang'ono pang'ono, si tulo ai. A ku sukulu yaikuru ya Sussex, ku England, anapeza m'caka ca 2020 kuti munthu akamtsinzinira motero mphaka abwezera, nayandikira ngakhale dzanja la mlendo.

Koma cimene citikhudza ife a paulendo ndi ici. Ku Tokyo, m'caka ca 2013, Atsuko Saito ndi mnzace anamvetsa amphaka 20 mau a alendo ndi a eni ao akuitana. Amphakawo anazindikira mau a mwini, koma kuyankha kwao kunali kugwedeza makutu ndi kutembenuza mutu, osanyamuka pomwe anagona. Ambiri a ife tikadati, “Kanyama aka kandiiwala.”

Cifukwa cace, tsiku lofika kwanu, mutabvala nsapato zatsopano ndi malaya onunkhira sopo wa m'sitolo, musadabwe akathawira kuseri kwa nkhokwe, pakuti pfungo lanu lakhala lacilendo. Musamthamangire, musamnyamule mokakamiza. Khalani pansi pa khonde, muyambe mwalonjerana ndi akuru, kuti amve mau anu. Mutambasule dzanja pansi, alinunkhize yekha. Usipa mumpatse pambuyo pace, atayamba wadzikhula pa mwendo wanu.